Kompyuta yomasulika ndi yomatidwa: cimene a ku Rufunsa ayenera kufunsa asanagule

Kompyuta ikaleka kuyaka pa sukulu, pa cipatala kapena pa ofesi ya m'boma la Rufunsa, mmisiri woidziwa bwino kawirikawiri amapezeka ku Lusaka, mtunda umene ungafike makilomita 150 kapena kupitirirapo pa mseu wa Great East. Kwa anthu a m'kati mwa dziko la Mfumu Shikabeta, Mfumu Mpanshya kapena Mfumu Bundabunda, ulendowo umayamba ndi mseu wa fumbi asanafike pa tara. Ndalama za basi kupita ndi kubwera, pamodzi ndi tsiku lonse lothera pa njira, nthawi zina zimaposa mtengo wa cimene caonongeka m'makinawo.

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti kompyuta siifa yonse nthawi imodzi. Kawirikawiri cimafa ndi cipangizo cimodzi ca m'kati, zina zonse zikali bwino. Kuti cipangizoco cicotsedwe ndi kuikapo cina, kapena kuti makina onse atayidwe cifukwa ca ico, zimadalira m'mene anthu a ku fakitale anaipangira kompyutayo. Nkhani imeneyi imagamulidwa kutali, ku America, ku China kapena ku Taiwan, koma wosenza zotsatira zake ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi.

Makompyuta ena amapangidwa ndi zipangizo zoima pazokha, zimene zimalumikizidwa ndi mawaya, mapulagi ndi ma screw, ndipo ciliconse cingamasulidwe popanda kukhudza cinzake. Kapangidwe kotere m'Cingerezi amati modular design. Makompyuta ena amapangidwa zipangizo zake zitaocheredwa pa bolodi limodzi, batire litamatidwa ndi guluu, kotero kuti cimodzi cikafa bolodi lonse limafa naco.

Munthu wa ku Rufunsa amakadziwa kale kapangidwe koyambako, ngakhale sanagwirepo kompyuta. Njinga zimene zimanyamula matumba a cimanga ndi makala m'mbali mwa mseu wa Great East zimakhala zaka zambiri cifukwa cheni, sipoko, chubu ndi mabuleki zimagulidwa pazokha, ndipo cheni ca njinga imodzi cimakwana pa njinga ina. Pakadakhala njinga imene cheni cake cinaocheredwa ku felemu, palibe akadaigula, ngakhale itakongola motani. Koma makompyuta opangidwa mwa njira imeneyo akugulidwa tsiku ndi tsiku, cifukwa kunja kwake sikuonetsa kanthu.

Zimene zili m'bokosi

Bokosi la kompyuta ya pa tebulo likatsegulidwa, zimene zili m'kati ndi zowerengeka. Pali bolodi lalikulu, lomwe amisiri amalicha motherboard, pamene zina zonse zimalumikizidwa. Pakati pake pamakhala purosesa, kacipangizo kosaposa bokosi la macesi, kamene kamacita masamu onse a makinawo. Kamatentha kwambiri pogwira nchito, ndiye pamwamba pake amaikapo citsulo cokoka kutenthako pamodzi ndi fani.

Pambali pa purosesa pali timatabwa topyapyala ta RAM, timene timasunga nchito yomwe munthu akucita pa nthawiyo. Magetsi akazima, za m'menemo zimafufutika. Zosungidwa kwa nthawi yaitali, monga maina a ana a sukulu ndi zotsatira za mayeso, zimakhala mu hadi disiki kapena mu SSD. Pakona pali kabokosi ka citsulo kochedwa power supply, kamene kamalandira magetsi a mavolti 230 ocokera pa khoma ndi kuwatsitsa kufika pa mavolti 12, 5 ndi 3.3, oyenera zipangizo za m'kati.

Ciliconse mwa izi cikadwala cimakhala ndi zizindikiro zake. Kompyuta imene siionetsa moyo uliwonse, fani osazungulira ndiponso nyale osayaka, kawirikawiri vuto limakhala pa power supply kapena pa waya wa magetsi weniweniwo. Imene iyaka, n'kumalira kuti pii, pii, sikirini ili yakuda, nthawi zambiri kathabwa ka RAM kamakhala katasunthika kapena katadetsedwa ndi fumbi. Kukazula, kukapukuta ndi kukabwezeretsa m'malo mwake kumacilitsa makina ambiri amene anali atalembedwa kale kuti afa. Imene imagwira nchito mphindi zocepa ndi kuzima yokha imakhala ikutentha, mwina fani yaima kapena fumbi latseka njira ya mphepo. Hadi disiki ikayamba kugogoda m'kati, ndiye kuti masiku ake atha, ndipo zosungidwamo ziyenera kukopedwa tsiku lomwelo.

Palinso vuto lina laling'ono limene limadabwitsa anthu. Kompyuta imaiwala tsiku ndi nthawi ikazimitsidwa, kenaka n'kumakana kutsegula masamba a pa intaneti, cifukwa masambawo amafuna tsiku lolondola. Gwero lake ndi kabatire kozungulira ngati khobidi, ka mavolti 3, kolembedwa kuti CR2032, kamene kamakhala pa bolodi lalikulu. Kamakhala zaka zingapo, kamagulitsidwa ngakhale kwa okonza mawochi, ndipo pa kompyuta ya pa tebulo kamasinthidwa ndi zala.

Kumasulika kwa zipangizo kumathandizanso pa makina amene sanafe koma atopa. Hadi disiki ili ndi mbale zimene zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayenda pamwamba pake. SSD ilibe kanthu koyenda, imawerenga mofulumira kwambiri, ndipo siiopa kugwedezeka kwa pa mseu wa makumbi. SSD ya mtundu wa SATA imalowa pa waya womwewo umene panali hadi disiki. Kompyuta ya zaka khumi ikalandira SSD ndi RAM yoonjezera, imakwanira bwino nchito za m'kalasi, monga kulemba makalata, kuwerengetsa ndi kutsegula intaneti.

Kumene kapangidweka kanacokera

Kuti zipangizo za makampani osiyana zizikwanirana sizinangocitika mwangozi, ngakhale kuti amene anayambitsa sanaone kumene zidzathere. Pa 12 August 1981 kampani ya IBM inatulutsa makina ochedwa IBM Personal Computer. Gulu limene linawapanga, motsogozedwa ndi Don Estridge ku Boca Raton m'dera la Florida, linali ndi nthawi ya pafupifupi caka cimodzi cabe. Posowa nthawi yopanga zonse lokha, monga inali kucitira IBM kale, gululo linagula purosesa kwa Intel ndi pulogalamu yoyendetsa makina kwa Microsoft. Pa bolodi linasiyapo mipata isanu yolowetsamo makadi oonjezera, ndipo linasindikiza buku lofotokoza mawaya onse, kuti makampani ena apange makadiwo.

Maganizo osiya mipata sanali acilendo, popeza kompyuta ya Apple II ya m'caka ca 1977 inali ndi mipata isanu ndi itatu. Cacilendo cinali kukula kwa dzina la IBM. Makampani ena ataona kuti zipangizo zili pa msika ndipo buku lilipo, anayamba kupanga makompyuta athunthu oyendera mapulogalamu omwewo. Kampani ya Compaq inayamba kugulitsa yake m'caka ca 1983, ndipo ena ambiri anatsatira, mitengo n'kumatsika caka ndi caka.

IBM inayesa kutseka khomo limene inatsegula. M'caka ca 1987 inatulutsa makina a PS/2 okhala ndi mipata ya mtundu watsopano, yomwe wofuna kuitsanzira anayenera kulipira. Msika sunaitsatire. M'caka ca 2005 IBM inagulitsa nthambi yake yonse ya makompyuta a anthu kwa kampani ya Lenovo ya ku China. Kampani imene inabala kapangidweka inatuluka m'malondawo, koma kapangidweko kanatsala.

Cinasunga kapangidweka ndi mapangano a miyeso. M'caka ca 1995 Intel inakhazikitsa muyeso wochedwa ATX, wonena kukula kwa bolodi, pamene mabowo a ma screw ayenera kukhala, ndi maonekedwe a pulagi ya magetsi. Bolodi la ATX ndi mamilimita 305 m'litali ndi 244 m'lifupi, kaya wapanga ndani. M'caka ca 1996 kunabwera USB, imene inacititsa kuti kiyibodi, mausi ndi makina osindikizira zilowe pa bowo la mtundu umodzi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera SATA ya madisiki ndi PCI Express ya makadi. Ndi cifukwa ca miyeso imeneyi kuti wogulitsa wa m'tauni ya Lusaka angathe kutenga power supply ya kampani ina ndi kuiika m'bokosi la kampani ina, makina n'kuyaka.

Komabe si cipangizo ciliconse cimene cimalowa paliponse, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira. RAM ili ndi mibadwo. Ya DDR3 inabwera m'caka ca 2007, ya DDR4 m'caka ca 2014, ndipo ya DDR5 m'caka ca 2020. Timatabwa take timafanana pa maso, koma m'munsi mwa kalikonse muli kampata kodulidwa pa malo osiyana, kotero kuti ka m'badwo wina sikalowa pa bolodi la m'badwo wina. Wokakamiza amathyola bolodi. RAM ya laputopu ndi yaifupi kuposa ya kompyuta ya pa tebulo. Purosesa nayo imakwana pa bolodi la mtundu wake wokha, ndipo Intel yakhala ikusintha malo oikapo purosesa pakapita zaka zocepa.

Makampani akuluakulu nawonso satsatira miyeso nthawi zonse. Makompyuta ambiri a m'maofesi opangidwa ndi Dell ndi HP, makamaka a mabokosi ang'ono, ali ndi power supply ya maonekedwe ndi pulagi yawoyawo. Ikapsa, pamafunika ya mtundu womwewo, ndipo ya ATX wamba siikwana. Wogula makina otere amathandizidwa ndi cinthu cimodzi: anapangidwa ambiri zedi, ndiye zipangizo zake zakale sizisowa pa msika.

Cifukwa cake ena amamata

Pamene anthu anayamba kukonda malaputopu opyapyala ndi opepuka, opanga anayamba kucotsa mapulagi ndi mipata. M'caka ca 2012 kampani ya Apple inatulutsa MacBook Pro imene RAM yake inaocheredwa pa bolodi ndipo batire linamatidwa ndi guluu. Bungwe la iFixit la ku America, limene limamasula makina ndi kupereka malikisi a kukonzeka kwake, linaipatsa 1 pa 10. Makampani ena ambiri anatsatira njira yomweyo, makamaka pa malaputopu opyapyala kwambiri ndi pa ochipa kwambiri.

Opangawo ali ndi zifukwa zomveka. Mpata uliwonse umadya malo ndi ndalama. RAM yokhala pafupi kwambiri ndi purosesa imathamanga koposa ndipo imadya magetsi ocepa, motero batire limakhalitsa. Cipangizo coocheredwa sicisunthika pa mabampu. Koma palinso cifukwa cina cimene opanga sacilengeza: amene sangathe kuonjezera RAM pambuyo pake amakakamizika kulipira zambiri pa tsiku logula, kapena kugula makina atsopano msanga. Kwa wokhala pafupi ndi sitolo ya kampaniyo, ndipo ali ndi ndalama, vutoli ndi laling'ono. Kwa wa ku Shikabeta, kacipangizo kamodzi kakapsa pa bolodi lotere ndiye kuti laputopu yonse yatha.

Pali ena amene abwerera ku njira yakale. M'caka ca 2021 kampani ya Framework ya ku San Francisco, yoyambitsidwa ndi Nirav Patel, inatulutsa laputopu yopyapyala imene RAM, SSD, batire, kiyibodi, sikirini ndi bolodi lomwe zimasinthika, ndipo m'bokosi lake amaikamo sikuludiraiva. Ngakhale mabowo a m'mbali ndi timabokosi tosolola, mwini wake n'kusankha ngati afuna USB kapena HDMI. A iFixit anaipatsa 10 pa 10. Yokonzeka kale inayambira pa madola 999 a ku America, mtengo umene sukulu ya kumudzi siingaukwanitse, koma inaonetsa kuti kupyapyala ndi kumasulika zingayendere limodzi. Ngakhale zili tero, pamene kampani yomweyo inatulutsa kompyuta ya pa tebulo m'caka ca 2025, RAM yake inali yoocheredwa, cifukwa purosesa imene inasankha inafuna zimenezo. Kampani ya Google nayo inayesa kupanga foni ya zidutswa zosololeka, yochedwa Project Ara, koma inasiya nchitoyo m'caka ca 2016 foniyo isanafike pa msika.

Maboma ena alowererapo. Mu January 2021 dziko la France linayamba kukakamiza ogulitsa malaputopu, mafoni ndi zina kulemba pa katunduyo malikisi a pa 10 oonetsa ngati angakonzeke mosavuta. Wogula wa ku Zambia sapeza cizindikiro cotere pa shelefu, ndiye ayenera kufunsa yekha.

Phunziro la mayeso a 2015

Dziko la Zambia linaona poyera kufunika kwa makina amoyo mu November 2015. Unduna wa maphunziro unali utaika phunziro la makompyuta pa ndondomeko ya giredi 8 ndi 9 kuyambira m'caka ca 2014, ndipo ana oyamba anafika pa mayeso a manja a bungwe la Examinations Council of Zambia. M'masukulu ambiri makompyuta anali ocepa kwambiri poyerekeza ndi ana, ndipo caka cimeneco kunali kuzimazima kwa magetsi. Ana anali kulowa m'magulu, kudikirana, ndipo m'malo ena mayeso anapitirira mpaka usiku. Pa tsiku lotere kompyuta imodzi yogona pakona imatanthauza ana angapo otsala panja.

Makompyuta ambiri amene afika m'masukulu a dziko lino si atsopano. Ena anaperekedwa ndi bungwe la ZICTA, loyang'anira za mauthenga ndi makompyuta, koma ambiri ndi amene anagwirapo nchito m'maofesi a ku Ulaya, n'kukonzedwanso. Bungwe la Camara Education, limene linayambira ku Dublin m'caka ca 2005, ndi la Computer Aid International la ku London, ndi ena mwa amene atumiza makina otere ku Zambia. Nchito yawo yonse yatsamira pa kumasulika kwa zipangizo: amafufuta kapena kusintha disiki, kuonjezera RAM, kusintha cimene cafa, makina n'kuyambanso moyo waciwiri. Laputopu yomatidwa siipereka mwayi umenewu.

A Computer Aid anayesanso njira ina ku Macha, m'boma la Choma, m'caka ca 2010. Anasandutsa kontena kukhala cipinda ca intaneti coyendera magetsi a dzuwa, cochedwa ZubaBox, m'mene kompyuta imodzi inali kugawira nchito masikirini angapo, aliyense ndi kiyibodi yake. Izi zimacepetsa magetsi ndi ciwerengero ca makina ofuna kukonza, ngakhale kuti imodziyo ikafa onse amaima.

Pa sukulu yokhala ndi makompyuta a mtundu umodzi pali mwayi umene amisiri amaudziwa bwino. Atatu akafa, kawirikawiri safa ndi nthenda imodzi. Wina yapsa power supply, wina hadi disiki, wina bolodi. Potenga zamoyo za wacitatuyo, awiri amauka popanda kugula kanthu. Ndi cifukwa cake makompyuta khumi a mtundu umodzi ndi mphatso yaphindu kuposa khumi ndi asanu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo kompyuta yakufa siiyenera kutayidwa msanga, popeza ndiyo nkhokwe ya zinzake. Cimene cimalepheretsa nthawi zambiri ndi mantha. Katundu wa boma kapena wa mphatso amalembedwa m'buku, ndipo mphunzitsi amaopa kuti akatsegula bokosi adzafunsidwa mlandu. Sukulu imene yalola mphunzitsi mmodzi kutsegula makina, ndi kulemba m'buku cipangizo ciliconse cimene casamutsidwa, imathetsa mantha amenewa.

Fumbi, mphezi ndi magetsi

Rufunsa, imene inapatulidwa ku Chongwe ndi kukhala boma palokha m'nthawi ya malemu Michael Sata, amene analamulira kuyambira 2011 kufikira 2014, ndi dera la mapiri lotsikira ku zigwa za Luangwa ndi Lunsemfwa. Kumatentha m'miyezi ya September ndi October, fumbi limaculuka m'cilimwe, ndipo mvula imadza ndi mphezi. Zonsezi ndi adani a makina. Fani imakoka mphepo pamodzi ndi fumbi, fumbilo n'kuunjikana pa citsulo cozizitsa purosesa ngati bulangete. Bokosi lomasulika limatsegulidwa ndi kupemereredwa kamodzi pa temu. Laputopu yomatidwa imasunga fumbi lake mpaka itapsa.

Mphezi ndi kubwera mwadzidzidzi kwa magetsi kawirikawiri zimakantha power supply poyamba. Pa kompyuta ya pa tebulo kabokosiko kamasinthidwa, ndipo pa laputopu imasinthidwa chaja. Koma pali cenjezo limene amisiri onse amagwirizana: kabokosi ka power supply kamasinthidwa kathunthu, sikatsegulidwa. M'kati mwake muli zipangizo zimene zimasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Wogwira zina za m'bokosi azule pulagi poyamba, kenaka akhudze citsulo ca bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwake acoke, popeza amenewo amapha RAM mosaoneka.

Pa nkhani ya magetsi, kompyuta ya pa tebulo ili ndi cofooka cake. Yakale pamodzi ndi sikirini yake ingadye mawati 100 kapena kuposerapo, pamene chaja ya laputopu wamba ndi ya mawati 45 kapena 65, ndipo laputopu ili ndi batire lake. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi a ZESCO anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku m'madera ena. Pa nthawi yotere, ndiponso pa sukulu yodalira mapanelo a dzuwa, laputopu ndiyo imagwira nchito. Motero yankho la ku Rufunsa silingakhale lakuti aliyense agule bokosi lalikulu. Pakati pa ziwirizi pali malaputopu akale a m'maofesi, monga mitundu yambiri ya ThinkPad, Latitude ndi ProBook, imene pansi pake pamatseguka ndi ma screw, RAM ndi disiki zili m'mipata, ndipo batire limacoka. Mitundu ina yatsopano ya maina omwewa inayamba kuocherera RAM, kotero dzina lokha silikwanira. Nambala ya mtunduwo ndiyo iyenera kufufuzidwa.

Pali malire ena amene sikuludiraiva siingawathetse. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo lapadera loonjezera nthawi. Windows 11 imafuna cipangizo ca citetezo cochedwa TPM 2.0, ndi purosesa yosapitirira msinkhu wina; pa za Intel ndi kuyambira m'badwo wacisanu ndi citatu, umene unayamba kutuluka m'caka ca 2017. Makompyuta ambiri okonzedwanso ndi akale kuposa pamenepo. Amayakabe ndi kugwira nchito, koma salandiranso zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Makina amene salumikizidwa ku intaneti ali pa ngozi yocepa, ngakhale kuti mavairasi amayendanso pa mafulashi. Njira ina ndi kuikamo Linux, pulogalamu yaulere imene imayenda bwino pa makina akale. Mtundu wake wochuka wa Ubuntu unayambitsidwa m'caka ca 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Vuto lake ndi lakuti aphunzitsi ambiri anaphunzira pa Windows, ndipo amafuna nthawi kuti azolowere. Amene akupatsidwa makompyuta lero ali ndi ufulu wofunsa caka cimene purosesa yake inapangidwa.

Cipangizo cikafadi, sicitayidwa pa dzala kapena kutenthedwa. Lipoti la mabungwe a United Nations la m'caka ca 2024 linati dziko lonse lapansi linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zamagetsi m'caka ca 2022, ndipo gawo la 22.3 peresenti lokha ndilo linalembedwa kuti linasonkhanitsidwa ndi kukonzedwa moyenera. Mabolodi akale anaocheredwa ndi mtovu wa poizoni, umene maiko a ku Ulaya analetsa pa zamagetsi zatsopano m'caka ca 2006, ndipo masikirini akale a cimimba ali ndi mtovu wambiri m'galasi lake. Anthu a m'Zambia amadziwa zimene mtovu wacita kwa ana a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994 koma dothi likali loipitsidwa. Bungwe loyang'anira zinyalala zoopsa ndi la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la zacilengedwe la m'caka ca 2011. Kusintha cipangizo cimodzi m'malo motaya makina onse kumacepetsa mulu wa zinyalala zimenezi.

Komiti ya sukulu kapena mwini bizinesi ya zosindikiza pa Chinyunyu kapena pa Mpanshya, akafika kwa wogulitsa, angapemphe kuti makina atembenuzidwe. Ngati pansi pali ma screw, apemphe kuti patsegulidwe, aone ndi maso ngati RAM ili mu mpata, ngati pali mpata wina wopanda kanthu, ngati disiki ndi batire zimacoka. Afunsenso ngati chaja ndi batire za mtunduwo zimapezeka mu Lusaka. Wogulitsa wokana kutsegula makina akale amene akugulitsa apereke cifukwa comveka.

Ndipo pamene cipangizo cafa, sipafunika kunyamula bokosi lonse pa basi. Wopita ku tauni alembe pa pepala dzina ndi nambala ya mtundu wa kompyutayo, ajambule ndi foni cizindikiro comatidwa pa cipangizo cakufaco, ndipo cipangizoco acinyamule, RAM ataikulunga m'pepala osati m'pulasitiki wamba. Cogulaco ciyesedwe pamaso pake m'sitolo momwemo, ndipo alandire lisiti lolembedwa masiku obwezera, asanakwere basi yobwerera kum'mawa.